Dipuloma ya management: musanalipire fizi, funsani kuti pepalalo ndi la ndani

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, ku Mitundu ndi ku Nathenje kumagwa timapepala ta makoleji ngati ngumbi za mvula yoyamba. Tina timamatidwa pa mitengo ya pa siteji, tina pa zitseko za magolosale ndi pa timabenchi ta Airtel Money ndi Mpamba, koma tambiri masiku ano timangofikira m'magulupu a WhatsApp. Pafupifupi tonse tili ndi liwu limodzi lolembedwa mokuza: management. Business Management, Project Management, Human Resource Management, Hotel Management. Ukawerenga kawiri umayamba kudziona uli pa mpando wozungulira, kiyi wa galimoto ali pa tebulo.

Pansi pa mawu akuluakuluwo pamakhala tizilembo tomwe ambiri sitiwerenga: ABE, ABMA, ICM, ICAM, CIPS, TEVETA. Komatu nkhani yonse yagona pa tizilembo timeneti. Anthu awiri akhoza kukwera minibasi imodzi m'mawa uliwonse, kupita ku makoleji oyandikana, kuphunzira kosi ya dzina limodzi, koma pomaliza wina n'kutenga pepala lomulowetsa ntchito kapena ku yunivesite, mnzakeyo n'kutenga pepala longokongoletsa khoma la pa balaza. Fizi onse alipira yofanana, mwinanso makolo a onse agulitsa ng'ombe.

Ine ndinafikako ku yunivesite, fizi inandithera panjira, ndipo munthu ukasiya digiri pakati sutulukako ndi pepala lililonse ngakhale utaphunzira zaka ziwiri zathunthu. Chiyambire nthawi imeneyo ndakhala ndikufufuza njira zina zomwe munthu wa kwathu kuno angapezere pepala la ntchito za mu ofesi ndi za bizinesi. Zomwe ndapeza ndaziika pano kuti muziwerenge musanatumize ndalama kwa aliyense.

Koleji ndi bodi si chinthu chimodzi

Tiyambire pa zomwe tonse tikudziwa. Kaya unaphunzira ku Mitundu Secondary, kaya pa CDSS ya kwanu, kaya pa pulaiveti ya pa trading, satifiketi ya MSCE imachokera ku MANEB. Sukulu imangophunzitsa. Wokonza mayeso, kuwachonga ndi kusaina pepala ndi wina. Makosi ambiri a management amayendanso chimodzimodzi. Koleji ya ku Old Town kapena ku Area 3 ija ndi malo ophunzirira chabe, mwini pepala ndi bodi ya mayeso.

Ndiye funso loyamba mukafika pa ofesi lisakhale loti fizi ndi zingati. Funsani kuti mayeso amakonza ndani, ndipo pamwamba pa satifiketi padzalembedwa dzina la ndani. Yankho likhoza kukhala bodi ya kunja, makamaka ya ku UK, kapena bodi ya konkuno, kapena yunivesite, kapena koleji yomweyo. Lomalizali ndi lofunika kulimvetsera ndi makutu onse awiri. Koleji ikanena kuti imapereka dipuloma yakeyake, mphamvu ya pepalalo imathera pomwe pathera dzina la kolejiyo, pokhapokha ngati koleji ndi kosi yomwe zili m'kaundula wa boma.

Makaundula ofunika ndi awiri. Wa mayunivesite ndi makoleji a maphunziro apamwamba uli m'manja mwa National Council for Higher Education, NCHE, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Wa masukulu a ntchito zamanja ndi luso uli ndi TEVETA. Apa pali msampha wina womwe umakola ngakhale anthu ochenjera. Kulembetsa ndi kuvomerezedwa ndi zinthu ziwiri. Kulembetsa ndi chilolezo choti sukuluyo itsegule zitseko. Kuvomerezedwa, komwe pachingerezi amati accreditation, kumabwera NCHE ikaunika aphunzitsi, mabuku ndi kaphunzitsidwe, ndipo kumayenda kosi ndi kosi. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsa bwinobwino, makosi ake ena ovomerezedwa, koma yomwe mukufuna inuyo ayi. Kapepala kongoti "registered" sikanakuuzeni zonse. NCHE imatulutsa mndandanda wake m'nyuzipepala ndi pa webusaiti yake, ndipo kuufufuza kumadya bandulo yochepa kuposa vidiyo imodzi ya pa TikTok.

Mabodi a ku UK: ABE, ABMA ndi ICM

Awa ndi omwe amadzaza timapepala tija. ABE, Association of Business Executives, inayamba mu 1973. ABMA ndi ICM, Institute of Commercial Management, zinayambanso m'zaka zomwezo za m'ma 1970. Onse atatu si makoleji, alibe kalasi yoti mukakhalemo. Amakonza silabasi ndi mayeso, makoleji a m'maiko osiyanasiyana n'kumaphunzitsa. Kuno ku Malawi ABE imadziwika kwambiri ndi Business Management pamodzi ndi nthambi zake za Human Resources ndi Marketing. ABMA imatchuka ndi Community Development, Project Management, Shipping and Logistics ndi ena otere, n'chifukwa chake ofuna ntchito za m'mabungwe omwe si aboma amathamangira kumeneko. ICM ili ndi makosi ambirimbiri, kuyambira bizinesi, zamahotela mpaka utolankhani.

Mapepala awo amakwera ngati makwerero. Akale ankati Certificate, Diploma, Advanced Diploma. Masiku ano mumva kwambiri za Level 4, Level 5 ndi Level 6. Manambalawa ndi a ku England. Level 4 imalingana kulimba kwake ndi chaka choyamba cha yunivesite ya kumeneko, Level 5 chaka chachiwiri, Level 6 chaka chomaliza, pakuti digiri yawo nthawi zambiri ndi ya zaka 3 pomwe yathu ndi ya zaka 4. MSCE yathu imalingana ndi O-Level, yomwe ili pansi pa Level 3, ndiye musadabwe ena akakuuzani kuti muyambire pa Level 3.

Ubwino wa makwerero amenewa ndi waukulu kwa munthu wopanda thumba lodalirika, ndipo pano ndikuyankhula ngati munthu woti ndinaziona. Mukamaliza Level 4 muli ndi pepala m'manja. Ndalama zikavuta mukhoza kupuma chaka, kuchita geni kapena kaganyu, n'kudzabwerera pa Level 5 osayambiranso. Mukalephera phunziro limodzi mumabwereza lomwelo basi. Digiri ilibe chifundo chotere.

Koma Level 6 si digiri, aise. Wotsatsa kosi akakuuzani kuti "ndi chimodzimodzi digiri", akutanthauza kulimba kwa mayeso, osati kukula kwa maphunziro kapena dzina la pepala. Ntchito ikalengezedwa kuti ikufuna Bachelor's Degree, wosankha makalata sadzakhala ndi nthawi yomvetsera za makwerero a ku England. Chomwe Level 5 kapena Level 6 imachita ndi kukutsegulirani khomo: mayunivesite ena, akunja ndi akonkuno, amalola munthu wa pepala lotere kuyambira pakati m'malo mwa chaka choyamba. Ena, osati onse, ndipo aliyense ali ndi malamulo ake. Ngati cholinga chanu ndi digiri, pitani kaye ku yunivesite yomwe mukuilota mukafunse ngati imalandira pepala la bodi imeneyo komanso kuti ingakuyambitseni chaka chiti. Kufunsa mutamaliza kale zaka zitatu ndi kufunsa njira mutafika kale kolakwika.

Ku England mabodi amayang'aniridwa ndi bungwe lotchedwa Ofqual, lomwe lili ndi kaundula wa pa intaneti woti aliyense akhoza kufufuzamo ulere. Bodi imodzi ikhoza kukhala ndi makosi ena omwe ali m'kaundulamo, ena ayi. Ndiye musakhutire ndi dzina la bodi lokha, lembani dzina lonse la kosi yanu muone ngati lituluka.

Tsopano nkhani yowawa, ya ndalama. Pa makosi awa mumalipira kawiri. Fizi ya koleji ndi ya makwacha. Ndalama yolembetsera ku bodi ndi ya mayeso a phunziro lililonse imawerengedwa m'mapaundi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, pomwe dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa mtengo wa kubanki. Tanthauzo lake kwa wophunzira ndi loti mayeso omwe dzulo anali K100,000 anadzuka ali cha m'ma K144,000, bodi isanakweze ngakhale paundi imodzi. Soya wa kumunda kwa bambo anu sanadzuke atakwera choncho usiku umodzi. Onjezani kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki, komwe kumachedwetsa ngakhale munthu yemwe makwacha ake ali m'manja. Munthu wolowa kosi ya zaka ziwiri kapena zitatu ya m'mapaundi akubetcha kuti kwacha ikhala chilili nthawi yonseyo. Ine kubetcha kumeneko sindingakulimbikitseni ngati kwanu kulibe wina wolandira malipiro a pamwezi kapena m'bale wa ku Joni wodalirika.

China, ophunzira ambiri amapereka ndalama ya mayeso kudzera ku koleji, koleji n'kutumiza ku bodi. Ndalama ikadutsa m'manja awiri pamafunika maso. Mukalipira, funsani nambala yanu ya wophunzira yochokera ku bodi ndi umboni woti dzina lanu lalowa pa mayeso. Osadikira sabata ya mayeso kuti mudzadziwe.

ICAM: dzina la management palibe, koma ntchito ilipo

Pa timapepala tija ICAM siiwala ngati enawo chifukwa mulibe liwu lokoma lija. Koma tayang'anani pozungulira. Kopaletivi ya alimi a soya, SACCO, esiteti ya fodya, malo omwetsera mafuta, sukulu ya pulaiveti, chipatala cha mishoni, wogulitsa feteleza ndi mbewu pa Nathenje: onsewa, akakula pang'ono, munthu woyamba wa mu ofesi yemwe amamufuna si manijala ayi. Manijala ndi mwini wake kapena mwana wake. Amafuna munthu wosunga mabuku a ndalama.

Institute of Chartered Accountants in Malawi inabwera potsatira lamulo la 2013, n'kutenga ntchito za mabungwe awiri akale, PAEC ndi SOCAM. Mukamva achimwene kapena amalume akuti "ndinalemba PAEC", ndi njira yomweyi. Imayambira pa Certificate in Financial Accounting, yomwe ambiri amangoti CIFA, kenako Technician Diploma, kenako magawo opita ku Chartered Accountant. Mayeso amalembedwa kawiri pa chaka, mu June ndi mu December, ndipo amalipiridwa m'makwacha. Misonkho ndi malamulo a bizinesi omwe mumaphunzira ndi a Malawi, a MRA yomwe mudzakumane nayo pa ntchito. Malawi College of Accountancy ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndipo makoleji ena amaphunzitsanso. Woyang'anira maphunziro a ntchitoyi ndi Malawi Accountants Board.

Chenjezo lake ndi limodzi: ICAM si yamasewera. Ngati masamu munkawathawa ku sekondale, kuno akudikirirani pakhomo, ndipo kubwereza phunziro si zachilendo. Komanso kulimba komweko ndi komwe kumachititsa kuti olemba ntchito alilemekeze pepalalo. Pepala lomwe aliyense amakhoza, aliyensenso ali nalo.

Ofuna ntchito yogula katundu wa kampani kapena wa boma, njira yodziwika ndi CIPS ya ku UK, yomwenso ndi ya m'mapaundi, ndipo konkuno kuli Malawi Institute of Procurement and Supply yomwe imalembetsa anthu ogwira ntchitoyi. Ofuna zamahotela ayambe aona Malawi Institute of Tourism asanakopeke ndi Hotel Management ya pa koleji yopanda ngakhale khitchini. Malawi School of Government, yomwe inabwera mu 2022 pophatikiza Malawi Institute of Management ya ku Kanengo ndi Staff Development Institute ya ku Mpemba, imathandiza kwambiri anthu omwe ali kale pa ntchito, makamaka m'boma.

TEVETA: kuyamba ndi chinthu choti udzayang'anire

Pano ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi pomwe achinyamata a kwathu timanyozera. Munthu wokhoza MSCE ukamuuza za TEVETA amaona ngati wamutukwana, ati zimenezo ndi za olephera. Koma tadzifunsani: mwana wa zaka 19 yemwe sanagwirepo ntchito iliyonse, atanyamula Diploma in Business Management, ndani angamupatse anthu oti awayang'anire? Utsogoleri pa ntchito umaperekedwa kwa munthu wodziwa ntchitoyo. Folomani wa pa chimango anayamba wagwira chipande. Woyang'anira galaja anayamba wagona pansi pa galimoto. Management payokha ili ngati ndiwo zopanda nsima.

TEVETA inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ndipo gawo la ndalama zake limachokera ku msonkho wa 1 peresenti womwe olemba ntchito amapereka pa malipiro a antchito awo. N'chifukwa chake amene asankhidwa kudzera ku TEVETA amalipira zochepa poyerekeza ndi mtengo weniweni wa maphunzirowo. Makoleji akuluakulu a ntchito zamanja alipo 7: Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia. Awiri oyambawo ali m'boma lathu lomwe lino. Kuyambira mu 2015 boma linayambanso kutsegula ma community technical college, monga wa Mponela ku Dowa ndi wa Chongoni ku Dedza. Kwa a ku Nathenje, Dedza si kutali, mukangowoloka mlatho wa Diamphwe mwalowamo. Mu tauni mulinso Don Bosco ku Area 23.

Makosi ake si zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera, zamagetsi ndi umakaniko zokha. Kulinso Administrative Studies ya ntchito za mu ofesi, ICT, kusoka ndi kukonza zakudya. Pepala lake limakwera kuchokera pa Level 1, kudutsa Level 2 ndi Level 3, mpaka Level 4 yomwe ndi ya dipuloma ya utekinishani. Mkati mwa maphunzirowo mumakhala phunziro la kayendetsedwe ka bizinesi komanso nthawi yokagwira ntchito ku kampani, yomwe timangoti atachimenti. Atachimenti imeneyi ndi chinthu chomwe makosi ambiri a m'kalasi mokha alibe, ndipo ndi komwe anthu ambiri amapezera bwana wawo woyamba.

Zosokoneza zilipo ziwiri. Choyamba ndi manambala. Mu Trade Test yakale ija, Grade 3 ndiyo inali yoyambira, Grade 1 ndiyo yapamwamba. Mu pepala la TEVET zatembenuka, Level 1 ndi yoyambira. Ndipo Level 4 ya TEVET musaiyike pa sikelo imodzi ndi Level 4 ya ABE kapena ABMA ngati kuti ndi makwerero amodzi, awa ndi makwerero a maiko awiri. Chachiwiri, makoleji a ntchito zamanja omwewa amakhalanso ndi makalasi a odzilipirira okha, omwe timati parallel, ndipo ena mwa makalasiwo amaphunzitsa makosi a mabodi akunja. Ndiye kuphunzira pa technical college sikutanthauza kuti pepala lanu ndi la TEVET. Funso lija libwererenso: mayeso ndi a ndani?

Kwa amene muli kale ndi luso, munaphunzirira pa galaja ya amalume kapena pa shedi ya mipando pa Mitundu, TEVETA ili ndi ndondomeko yotchedwa Recognition of Prior Learning, yoyesa zomwe mukudziwa kale n'kukupatsani pepala osayambira pa ziro. Ambiri sadziwa n'komwe kuti iliko.

Ngati mtima uli pa digiri

Ife a kuno tili ndi mwayi woti yunivesite tili nayo pakhomo. Bunda, yomwe inachoka pansi pa University of Malawi n'kukhala LUANAR mu 2012, ili ndi digiri ya Agribusiness Management, management yokhala ndi nsima yake, yogwirizana ndi zomwe dera lino limadalira: fodya, soya, mtedza, chimanga, ziweto. Kampasi yake ya NRC imapereka madipuloma a zaulimi, ulimi wothirira ndi zaumoyo wa ziweto, mwa ena, ndipo dipuloma ya yunivesite ya boma siifuna kuifotokozera pa intavyu.

Khomo lolowera mwachindunji ku yunivesite ya boma ndi ma credit 6 a MSCE kuphatikizapo Chingerezi. Credit ndi giredi 3 mpaka 6, pomwe 1 ndi 2 ndi distinction. 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe. Khomo lina ndi la mature entry, lomwe nthawi zambiri limafuna dipuloma yochokera ku sukulu yovomerezeka, ma credit angapo a MSCE ndi zaka zingapo za pa ntchito. Taonani kuti ngakhale pa khomo lachiwirili MSCE ikubwerabe. Dipuloma siifufuta giredi 8 ya Chingerezi kapena ya masamu.

Ndiye nali langizo lomwe palibe koleji ingakupatseni chifukwa mulibe phindu lawo: ngati muli ndi ma credit 4 kapena 5 ndipo mukufunitsitsa digiri, kubwereza MSCE ndi kotchipa kuposa dipuloma iliyonse yomwe ndatchula pano. Chaka chimodzi, sukulu ya masana kapena yamadzulo pafupi ndi kwanu, kugona ndi kudya pakhomo. Manyazi ake ndi a miyezi yochepa. Ingowerengani bwino zofunika za yunivesiteyo, chifukwa ena amaika malire pa maulendo omwe munthu walemba mayeso kuti akwanitse ma credit amenewo. Kumbukiraninso kuti ngongole za Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe lomwe linabwera ndi lamulo la 2015, zimapita kwa ophunzira a m'masukulu ovomerezeka a maphunziro apamwamba. Musalowe kosi ya bodi yakunja mukuyembekezera kuti ngongole imeneyi idzakulipirirani mayeso a m'mapaundi.

Mtengo weniweni ukawerengedwa kuchokera ku Mitundu

Fizi yolembedwa pa kapepala ndi ya munthu wokhala ku Kawale kapena ku Biwi woyenda wapansi. Kuchokera ku Mitundu kukafika mu tauni ndi makilomita oposa 30, kudzera pa Bunda Turn-off, ndipo mafuta akasowa mtengo wa minibasi umakwera kondakitala asanatsegule n'chitseko chomwe. Kupita ndi kubwera tsiku lililonse kwa miyezi 10, thiransipoti yokha ikhoza kupitirira fizi. Mukasankha kukhala konko, ndi lendi ku Area 36, Area 23 kapena Mchesi, makala, ndiwo, magetsi, ndi thumba la ufa lochokera kumudzi mwezi ndi mwezi. Makalasi a Loweruka ndi Lamlungu amachepetsako zimenezi, bola mukhale munthu wotha kuwerenga nokha mkati mwa sabata.

Palinso nkhani ya nyengo, yomwe anthu a mu tauni saiganiza. Ndalama ya pakhomo pa mlimi imabwera kamodzi, fodya, soya ndi mtedza zikagulitsidwa, cha m'ma April mpaka July. Fizi ndi ndalama ya mayeso zimabwera nthawi yawo osafunsa za kumunda. Mayeso a mu December amalipiriratu, ndipo nthawi yolipirayo imagundana ndi yogula feteleza ndi mbewu. Mayeso a mu June amalipiridwa chakumayambiriro kwa chaka, nthawi yomwe m'nkhokwe mwayera. Ophunzira ambiri a kumudzi sasiya sukulu chifukwa cholephera mayeso, amasiya chifukwa tsiku lomaliza kulipira lawapeza m'mwezi wolakwika. Khalani pansi ndi amene adzakulipirireni, mulembe ndalama zonse kuyambira tsiku loyamba mpaka pepala lomaliza, mwezi ndi mwezi, ndipo za m'mapaundi muziikire malo oti zikhoza kukwera. Ngati zonse sizikukwana, sankhani kosi yomwe gawo lake loyamba lokha ndi pepala loti mukhoza kufunsira ntchito.

Timakosi ta masiku 5 kapena ta pa intaneti ta ulere, ta Project Management ndi Monitoring and Evaluation, si toipa. Mumaphunziramo zinthu, ndipo pa CV timawonjezera mzere. Koma satifiketi yosonyeza kuti munalipo ndi yosiyana ndi satifiketi yosonyeza kuti munalemba mayeso n'kukhoza. Wokulipiritsani ndalama zambiri pa yoyambayo akukudyerani.

Ndikanakhala inu

Wokonda manambala, wokhala ndi credit ya masamu, ndikanamuloza ku ICAM mosazengereza. Wa manja aluso, kapena yemwe kwawo kuli kale shopu, chigayo kapena galaja, apite ku TEVETA, management adzaiwonjezera pamwamba ali kale ndi anthu owayang'anira. Yemwe ali pa ntchito ndipo akufuna kukwezedwa, ABE, ABMA kapena ICM ya kumapeto kwa sabata imamuyenera kuposa wina aliyense, chifukwa ali ndi malipiro olipirira komanso ntchito yoti ayeserepo zomwe akuphunzira. Afunse kaye a Human Resources a pa ntchito pakepo kuti amalemekeza pepala liti. Wolota ntchito ya m'boma kapena ya ku khonsolo awerenge bwino mawu aja oti "recognised" kapena "accredited institution" omwe sasowa pa malonda a ntchito zawo.

Musanasankhe chilichonse, tengani milungu iwiri mukusonkhanitsa malonda a ntchito 10 kapena 15 a ntchito yomwe mukuifunayo, a mu The Nation, The Daily Times kapena omwe amazungulira pa WhatsApp. Lembani pepala lomwe lililonse likufuna. Dzina lomwe likubwerezabwereza ndilo msika ukugula. Ngati pa malonda onsewo kosi yanu siikutchulidwa ngakhale kamodzi, kapepala ka pa mtengo kaja kakunamizani.

Tsiku lopita ku koleji musapite ndi ndalama. Pemphani kuona kalata ya NCHE kapena TEVETA ndi ya bodi yosonyeza kuti malowo ndi ololedwa kuphunzitsa kosi imeneyo, muone ndi chaka chake. Funsani komwe mayeso amalembedwera. Funsani kuti mwa omwe analemba ulendo wathawu anakhoza angati, ndipo mucheze ndi wophunzira wa chaka chachiwiri panja pa geti, osati yemwe a mu ofesi akusankhirani. Mukakhutira, lipirani ku akaunti ya kubanki ya dzina la koleji, osati pa nambala ya foni ya munthu, ndipo lisiti lililonse mulijambule pa foni tsiku lomwelo.